Tsabola Wakale ndi Zimbale Zogonera

Pakati pa miyambi imene makolo adasiyira olankhula Chichewa pali iwiri imene, ikaikidwa pamodzi, imaoneka ngati ikukangana pa nkhani ya zinthu zakale, pakuti umodzi umati tsabola wakale sawawa, pamene unzake umati mawu a akulu akoma akagonera. Mwambi woyambawo umatuluka kawirikawiri pakamwa pa achinyamata ndi onse amene atopa ndi kuuzidwa za dzana, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti chinthu chimene chidali ndi mphamvu pa nthawi yake chimafika pozilala, kotero kuti nzeru kapena luso la m'badwo wina silingathetse mavuto a m'badwo wotsatira. Wachiwiriwo ndi wa akuluakulu, ndipo mawu akuti kugonera m'menemo akunena za chinthu chimene chapyola usiku, nyengo kapena zaka ubwino wake usanaoneke, monga momwe langizo limene mwana adalinyoza ali wamng'ono limadzakomera iye atakumana ndi zokhoma. Miyambi iwiriyi yonse ndi yoona, ndipo chofunika kusinkhasinkha ndi chimene chimachititsa kuti chakale china chizilale pamene china chikukomerakomera.

Funsoli limaoneka poyera pa nkhani ya zimbale za chamba cha rock zimene zidajambulidwa ku Zambia m'zaka za m'ma 1970, zimene zidaiwalika kwa zaka pafupifupi 30, ndipo lero zingathe kufika ngakhale m'khutu la munthu wa ku Phalombe kudzera pa foni ya m'manja. Mawu akuti chimbale adachokera ku maonekedwe a chinthu chakuda, chozungulira ndi chophwatalala ngati mbale, chimene chinkayenda pa galamafoni singano ikutsata timizere take, ndipo ngakhale galamafoniyo idasowa m'nyumba za anthu, dzinalo lidatsalira pa mtolo uliwonse wa nyimbo zimene woyimba watulutsira pamodzi. Rock ndi chamba chimene chidabadwira ku America m'zaka za m'ma 1950, mizu yake ili mu blues, nyimbo za madandaulo za anthu akuda amene makolo awo adachotsedwa mu Africa pa nthawi ya ukapolo, ndipo msana wake ndi gitala yamagetsi, gitala ya besi imene imalira mokhuthala pansi pa inzake, ndi ng'oma zoombedwa ndi timitengo. Chambachi chitadutsa m'manja mwa Chuck Berry ndi Little Richard, kenaka mwa magulu a ku Britain monga Beatles, Rolling Stones ndi Black Sabbath, komanso mwa katswiri wa gitala Jimi Hendrix, chidaoloka nyanja n'kukafika m'matauni a migodi ya mkuwa, kumene anyamata a ku Kitwe, Ndola ndi Lusaka adachiumba mwatsopano n'kukhala chimene lero chimatchedwa Zamrock.

Womvera wa pa Migowi ku Phalombe, amene khutu lake lidakulira pa nyimbo zauzimu, pa reggae ya Black Missionaries ndi pa mawu a Lucius Banda, akatchera koyamba chimbale cha Day of Judgement, chimene gulu la Ngozi Family lidatulutsa mu 1976, sayamba ndi kusangalala. Ali pakhonde la golosale madzulo, phiri la Michesi likuda ndi chisisira, kasipika kotchajidwa ndi sola kali pabenchi, iye amakanyamula n'kukatembenuza kuti aone ngati kang'ambika, popeza gitala ikulira mosasa ndi monjenjemera ngati lata limene mphepo ikulizula padenga. Kusasako n'kwadala, ndipo kumachokera ku kabokosi kopondedwa ndi phazi kotchedwa fuzz, kamene kamaikidwa pakati pa gitala ndi zokuzira mawu kuti kaphwanye liwu losalala la nsambo n'kulisandutsa lokhakhala. Khutu likazolowera phokosolo limayamba kupeza dongosolo m'kati mwake, makamaka kachidutswa kafupi ka gitala kobwerezedwabwerezedwa, kamene oyimba amakatcha riff, ndipo pamenepa mwana wa ku Phalombe amapeza kuti si mlendo kwenikweni, chifukwa nyimbo za kumudzi kwawo nazonso zimamangidwa pa kachidutswa kamodzi kamene ng'oma ndi ovomera amakabwereza mpaka thupi livomere lokha.

Chodabwitsa chachikulu chimadza pamene Paul Ngozi, mtsogoleri wa gululo, asiya Chingerezi n'kuyamba kuyimba m'Chinyanja. Mayina a nyimbo monga Kumanda kwa Bambo Wanga ndi Tikondane safuna womasulira kwa munthu wa ku Chiringa kapena ku Nambazo, ndipo pa chimbale cha 45,000 Volts cha 1977 pali nyimbo yotchedwa Nizakupanga Ngozi, imene dzina lake lokha likuonetsa kalankhulidwe ka ku Lusaka, kumene "ndi" wa kuno amamveka "ni" ndipo "dza" amamveka "za". Womvera amene ankaganiza kuti phokoso lotere ndi la azungu a tsitsi lalitali amadzidzimuka kumva maliro, chikondi ndi chenjezo zikunenedwa m'chinenero cha amayi ake pamwamba pa gitala yolusa, ng'oma za Chrissy Zebby Tembo zikugunda mouma ngati munsi mumtondo wopanda mphale. Kudzidzimukako kumasanduka chimwemwe chosakanikirana ndi manyazi, monga amamvera munthu amene wauzidwa ndi wapaulendo kuti kutsidya kwa mtsinje kuli m'bale wake wa bere limodzi amene akhala naye moyandikana zaka zonse osadziwana.

Zimbale zina za m'badwo womwewo zimaphunzitsa womverayo kuti chamba chimodzi chili ndi nkhope zambiri. Lazy Bones!!, chimene gulu la WITCH lidatulutsa mu 1975, ndi chimbale cha miyendo, chothamanga ndi chodumphadumpha, ndipo mawu a woyimba wake Emmanuel Chanda, amene adapatsidwa dzina lakuti Jagari potengera Mick Jagger wa Rolling Stones, amamveka ngati a munthu amene sangathe kuima malo amodzi. Africa, chimbale chimodzi chokha chimene gulu la Amanaz la ku Kitwe lidasiya, nachonso cha 1975, chimayenda pang'onopang'ono ngati munthu wobwerera kudimba atasenza nkhuni, nyimbo zambiri zili m'Chingerezi ndipo zina m'Chibemba, ndipo nyimbo yake yotchedwa Khala My Friend ndi yofatsa kotero kuti womvera amaiwala kuti ndi gitala yamagetsi yomwe ija imene inkang'amba lata. M'zimbale zonsezi mumamveka umphawi wa zipangizo zojambulira, pakuti nthawi zina ng'oma zimamira, mawu a woyimba n'kupatuka pang'ono panjira, koma zilemazo n'zimene zimauza khutu kuti m'chipindamo mudali anthu enieni, a thukuta ndi mpweya, amene ankayimbira limodzi nthawi imodzi.

Makolo adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, kutanthauza kuti wochokera kutali amabweretsa nzeru imene eni mudzi adalibe, ndipo mbiri ya Zamrock ikuvomereza mwambiwu n'kuwonjezerapo kuti kalumoko kamathandiza pokhapokha mwini mudzi atakagwira m'dzanja lake. Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, mkuwa unkagulidwa pa mtengo wabwino, anthu a m'migodi adali ndi ndalama zogulira zimbale ndi zolowera m'mabwalo a zisangalalo, ndipo woyimba wa ku America James Brown atacheza m'dzikolo mu 1970 adasiya moto m'mitima ya anyamata. Edward Khuzwayo, kudzera mu kampani yake ya Zambia Music Parlour ku Ndola, pamodzi ndi kampani ya Teal, ankatulutsa zimbale za magulu a m'dzikomo, ndipo Pulezidenti Kenneth Kaunda, amenenso ankaimba gitala, adalamula kuti pafupifupi nyimbo zonse zoulutsidwa pawailesi zikhale za ku Zambia komweko. Rikki Ililonga ndi gulu la Musi-O-Tunya, amene amawerengedwa pakati pa oyambitsa chambachi, adasakaniza gitala yachilendoyo ndi ng'oma za makolo, ndipo potero kalumo ka mlendo kadameta mitu ya eni mudzi m'kametedwe kawokawo. Mlendoyonso adali wobwerera kwawo, popeza blues idabadwa mwa zidzukulu za akapolo, ndipo anthu a ku Phalombe, amene m'boma lawo muli mabwinja a Fort Lister, linga limene lidamangidwa mu 1893 pampata wa pakati pa Michesi ndi Mulanje pofuna kutseka njira ya ogulitsa anthu, safunika kuuzidwa kuti malonda amenewo adali otani.

Kuno ku Malawi zinthu zidayenda njira ina, ngakhale maiko awiriwa adali m'chitaganya chimodzi kuyambira 1953 mpaka 1963, ndipo wailesi ya ku Lusaka idakhala ikumveka m'midzi ya Nyasaland m'Chinyanja pa timawailesi totsika mtengo tooneka ngati sefuliya timene tidayamba kugulitsidwa mu 1949. Pansi pa ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, lamulo la 1968 lidapatsa bungwe lounika zofalitsa mphamvu yoletsa mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo malamulo a m'zaka zoyambirira za m'ma 1970, kuphatikizapo la kavalidwe la 1973, ankaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi komanso amuna kusunga tsitsi lalitali. Wailesi idali imodzi yokha, ya MBC, ndipo kanema wa dziko lino adadzayamba mu 1999, kotero kuti chamba chimene moyo wake uli m'kusamvera ndi m'kudzionetsa chidalibe dothi lomerapo. Luso la Amalawi lidatulukira pa zitseko zina, monga kwela ya Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, ndiponso banjo ya Allan Namoko wa ku Thyolo ndi gulu lake la Chimvu River Jazz Band, amene mawu ake osasa ndi odandaula alendo ambiri adawayerekeza ndi blues yomwe ija imene idabala rock.

Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo ya Zamrock idang'ambika isanakwanitse ndi zaka 10 zomwe. Mtengo wa mkuwa udagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, nkhondo yomenyera ufulu wa Zimbabwe idabweretsa mabomba ndi malamulo oletsa kuyenda usiku m'matauni a Zambia, ndipo magulu amene ankadya za m'mabwalo a usiku adasowa poyimbira. Disko idalanda achinyamata, chamba cha kalindula chidatenga malo pawailesi, makaseti okopedwa mwakuba adapha msika wa zimbale, ndipo pamwamba pa zonsezi mliri wa Edzi udakolola oyimba ambiri a m'badwo umenewo m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990. Paul Ngozi adamwalira mu 1989 ali ndi zaka 40, ndipo Jagari Chanda, amene adatsala yekha mwa oyambitsa gulu la WITCH, adakhala mphunzitsi kenaka n'kukalowa m'maenje okumba miyala ya mtengo wapatali. Pa nthawi imeneyo aliyense wonena kuti tsabola wakale sawawa akadaoneka wolondola, chifukwa zimbale zija zidali m'makatoni ndi pansi pa mabedi, ana a eni ake osadziwa n'komwe kuti bambo awo adagwedezapo dziko.

Kugonera kwa nyimbozi kudatha pamene anthu osonkhanitsa zimbale zakale ku Ulaya ndi ku America adayamba kuzifunafuna, ndipo kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles, motsogozedwa ndi Eothen Alapatt, idatulutsanso nyimbo za Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya mu 2010, za WITCH mu 2012, ndi mitolo iwiri yotchedwa Welcome to Zamrock! mu 2017, zina kuchokera ku matepi amene oyimba adasunga ndipo zina kuchokera ku zimbale zakale zimene zidapulumuka. Filimu yofotokoza moyo wa Jagari Chanda idatuluka mu 2019, gulu la WITCH lidadzukanso n'kutulutsa chimbale chatsopano cha Zango mu 2023, ndipo mu 2024 woyimba wa ku America Tyler, the Creator adatenga chidutswa cha Nizakupanga Ngozi n'kuchilowetsa mu nyimbo yake yotchedwa Noid, kotero kuti achinyamata mamiliyoni a m'maiko akutali adamva Chinyanja koyamba pakamwa pa munthu amene adali atagona m'manda zaka 35. M'nkhani yokoma imeneyi muli kowawa kamene womvera wa ku Phalombe sayenera kukameza msangamsanga, kakuti nyimbo ya mnansi wake, yoyimbidwa m'chinenero chake, idayenera kuyamba yazungulira ku California isanamupeze pakhonde la golosale ya pa Migowi.

Apa ndi pamene miyambi iwiri ija imasiya kukangana, ndipo mlimi wa tsabola, amene m'boma la Phalombe sasowa, ndiye angathe kuiyanjanitsa. Iye amadziwa kuti tsabola wosiyidwa padenga, dzuwa likumuwaula ndi mame akumunyowetsa, amayera, amafumbwa n'kusanduka makoko opanda ukali, pamene tsabola yemweyo atayanikidwa bwino pathandala, n'kusankhidwa, n'kutsekeredwa m'botolo louma pamalo a mthunzi, amatha kuliza munthu misozi chaka chitapita, ndipo mayi akangotsegula chivindikiro mwana amene ali pakhomo amayetsemula. Chimene chimapha ukali wa tsabola ndi kutayiriridwa, ndipo chimene chimakometsa mawu a akulu ndi kupezeka kwa wina amene adawasunga mumtima mpaka tsiku lowafuna. Zimbale za Zamrock zikuwawabe lero chifukwa padapezeka anthu amene sadataye matepi posamuka nyumba, ena amene adayenda maulendo kukafunafuna chimbale chimodzi chokalikakalika, ndi ena amene adakhala pansi n'kufunsa otsala amoyo mayina a anzawo amene adapita.

Kusunga kokha sikukwanira ngati palibe khutu lodekha, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Foni yaphunzitsa anthu kulawa nyimbo kwa kamphindi n'kulumphira ina, pamene chimbale chidakonzedwa kuti chimvedwe kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yotsiriza, mbali yoyamba ithe, munthu anyamuke akatembenuze, n'kumva mbali yachiwiri. Womvera amene wapirira mphindi pafupifupi 40 za chimbale chimodzi amayamba kuzindikira zinthu zimene wolumphalumpha sangazipeze, monga momwe nyimbo yaukali imakonzera malo yofatsa, ndi momwe wa besi amagwirira nyumba yonse pamene wa gitala wapita kutchire. Kudekhako kumamuthandizanso kuweruza mwachilungamo, chifukwa si nyimbo iliyonse ya m'zimbalezi imene ili yamphamvu, ndipo zina ndi zongotsanzira magulu a ku Britain popanda chatsopano. Kulemekeza chakale kumafuna kusankha, monga momwe mayi wopeta amalemekezera chimanga potaya mankhusu.

Womvera woona mtima akafika pamenepa, maganizo ake amabwerera kwawo, chifukwa fodya wako ndi amene ali pamphuno. Boma la Chiradzulu, loyandikana ndi Phalombe, lidaonetsa kale kuti kunonso kuli mawu ogonera, pamene Giddes Chalamanda, wobadwa mu 1930, adayimba limodzi ndi Patience Namadingo mu 2020, ndipo nyimbo yake ya Linny Hoo idafalikira pa TikTok kufika kumaiko amene mkuluyo sadapondeko. Phalombe, limene lidakhala boma palokha mu 1998 litachoka ku Mulanje, lili ndi gule wa Alhomwe wa tchopa, amene bungwe la UNESCO lidamulemba m'kaundula wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse mu 2014, gule wovinidwa pothokoza zokolola ndi ulenje wabwino kapena popepesa mizimu pa nthawi ya chilala ndi miliri, ovina atabereka kumsana mitolo ya zikopa, zipangizo za kumunda ndi ziwiya zakale. Lilinso ndi chinenero cha Elhomwe chimene ana ambiri sakuchilankhula, ndi nyimbo za pamtondo, za kuchinamwali ndi za oyimba banjo a m'misika zimene zambiri sizidalowepo m'chojambulira chilichonse.

Dera limeneli likudziwa kuposa ena kuti zinthu zimatha usiku umodzi. Mu Malichi 1991 madzi, matope ndi miyala zidatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana, tsoka limene anthu amalitcha Napolo, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adabwereza chisoni chomwecho. Madzi otere akamakokolola nyumba amatenganso zithunzi, makaseti ndi ng'oma, ndipo koposa zonse amatenga okalamba amene mitu yawo ndiyo nkhokwe ya nyimbo. Zimene Hugh Tracey adajambula m'midzi ya Nyasaland m'zaka za m'ma 1950 zikusungidwa ku South Africa, ku International Library of African Music imene iye adayambitsa mu 1954, ndipo matepi akale a MBC ali ku Blantyre, koma liwu la gogo wa m'mbali mwa nyanja ya Chilwa amene amadziwa nyimbo ya mvula lilibe kwina kosungidwa kupatula m'chifuwa chake. Foni yomwe ija imene yabweretsa Paul Ngozi pa Migowi ili ndi chojambulira mawu, ndipo mdzukulu amene waigwira angathe kukhala pamphasa pafupi ndi agogo ake, n'kuwapempha mwaulemu kuti ayimbe, n'kulemba dzina lawo, mudzi wawo ndi tsiku limene ayimbalo.

Chimbale chikatha ndipo kasipika kazima, usiku wa ku Phalombe umabwerera ndi mawu ake, achule a m'dambo, njinga za kabaza zobwerera mochedwa, ndipo nthawi zina ng'oma zochokera kumudzi wa m'tsinde mwa phiri. Womvera amene wakhala madzulo onse ndi anyamata a ku Kitwe ndi Lusaka amamva ng'omazo mwa mtundu wina, pakuti waphunzira kuti phokoso limene m'badwo umodzi udaliyesa lachabe lingathe kudzaliritsa m'badwo wina, malinga wina alitsekere m'botolo nthawi ikadalipo. Tsabola amene zidzukulu za ku Phalombe zidzalawe zaka 50 zikubwerazo akadali padenga lero, mitambo ikusonkhana pamwamba pa Michesi, ndipo womuanula ndi yemwe uja wakhala pakhonde ndi foni m'manja.